Katsabola wa Ubwana Wanga Wadzukira M'nthiti

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 29, ndimapenta magalimoto pagaraja ina. Ndikulemba ndili pa mpando wopanda chotsamira, chifukwa msana wanga sunayambe kugwirizana ndi mipando inayi. Sindikudziwa ngati ndikupempha malangizo kapena ndikungofuna munthu woti adabwe nane limodzi. Mwina zonse ziwiri.

Zinayamba ngati kanthu kachabe. Ndinkakwecha chitseko cha minibasi ndi sandipepala, ndiye ndinamva kutentha pansi pa phewa la kumanzere, kutsata nthiti mpaka kutsogolo. Ndinati mwina mankhwala osungunulira penti andidonthera mu ovololo. Ndinakavula kuseri kwa kompuresa, koma khungu linali bwinobwino. Chodabwitsa n'chakuti shati ikangokhudza pamalopo, zinkakhala ngati wina wandiyatsira machesi. Mkazi wanga anandisisita ndi mafuta poganiza kuti ndabinya ponyamula boneti.

Tili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zitatu. Timamutcha Kaphokoso chifukwa kunong'ona sakudziwa. Ndikangofika kunyumba n'kuvula ovololo, iye amakwera pamsana n'kundisandutsa hatchi. Ngakhale pamene timatuza tinayamba kutuluka, ndinalumabe mano n'kumuyendetsa kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda. Ndinkaganiza kuti ndi kangaude wandiyenda. Thuza limodzi linaphulikira m'kadzanja kake, ndinangomupukuta ndi thaulo.

Kutacha, mkazi wanga anandijambula msana ndi foni kuti ndidzionere ndekha. Aphungu, ine ntchito yanga ndi ya mizere. Ndikafuna kuti mtundu wina ulekeze pakati pa chitseko, ndimayeza, ndimamata tepi, ndimaitsindika ndi chala, koma nthawi zina penti amadutsabe pansi pake. Tsono pachithunzipo matuza anayambira ndendende pafupa la msana, kuzungulira nthiti za kumanzere, n'kudzaima pakati penipeni pa chifuwa. Kumanja kunalibe ngakhale kamodzi. Ululu ndinauiwala kaye, ndinangokhala ndikukuza chithunzicho ndi zala ziwiri. Ndinadzifunsa kuti kodi m'thupi mwangamu anamata tepi ndani?

Kuchipatala ndinapeza dokotala wamkazi, wamng'ono ndithu, mwina msinkhu wanga womwewu. Anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Awa ndi mashingozi. Munadwalapo katsabola muli mwana?"

Ndinati sindikukumbuka. Iye anandiloza pamphumi nati, "Nanga kachipsera kali pamwamba pa nsidzepo munakatenga kuti?"

Ndinati ndikuganiza kuti ndinagwa. Anamwetulira n'kuti, "Mukafunse amayi anu."

Anandifotokozera kuti kachilombo ka katsabola sikachoka m'thupi munthu akachira. Kamakabisala m'mitsempha pafupi ndi msana, ndipo tsiku lina kakhoza kudzuka n'kutuluka ngati mashingozi. Anandipatsa mapiritsi ambirimbiri, n'kundipempha kuti ndiyezetse magazi popeza ndine wachinyamata. Ndinayezetsa tsiku lomwelo, ndipo HIV sanandipeze nayo. Pomaliza anati ndiziphimba matuzawo, ndipo ndisayandikire makanda ndi amayi oyembekezera amene sanadwalepo katsabola. Apo ndinamuuza kuti mkazi wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Dokotala anati ngati anadwalapo ali mwana palibe choopsa kwenikweni, koma akanene kusikelo msanga.

Vuto n'lakuti mkazi wanga sakudziwa. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, analeredwa ndi azakhali ake. Titawaimbira anati, "Zidzolo anatuluka inde, koma kaya chinali chikuku kaya katsabola, sindinganame. Ana anali ambiri m'nyumbamo, wina akamachira wina akuyamba." Tinagwirizana kuti mkazi wanga ndi Kaphokoso akakhale kaye kwa alamu anga, akulu ake a mkazi wangayo. Za kusikelo iye anati adzanena likadzakwana tsiku lake, ine sindinalimbikire.

Nditatsala ndekha ndinaimbira amayi anga. Anaseka ndisanamalize n'komwe funso. Anati, "Iwe katsabola unadwala uli ndi zaka zisanu. Unamutengera kwa msuweni wako amene tinkakhala naye m'nyumba ya zitseko zobiriwira ija, imene anaigwetsa n'kumangapo pothirira mafuta a galimoto. Unkadzikanda ngati galu wa utitiri, mpaka ndinachita kukuveka masokosi a bambo ako m'manja. Tsiku lina unavula sokosi limodzi ndi mano n'kudzikanda pamphumi. Chipsera chako n'chimenecho."

Nditadula foni ndinadzigwira pachipseracho. Nyumbayo kulibe. Bambo anga a masokosiwo anatisiya kalekale. Msuweni wangayo pano ndi mayi wa ana anayi, tikakumana pamsewu mwina tingaphonyane. Ineyo mwini sindikumbuka kanthu. Koma kanthu kosaoneka ndi maso kanatuluka nane m'nyumba imeneyo, kanapita nane kusukulu, kanali nane tsiku la ukwati wanga, kanali nane pamene ndinkanyamula mwana wanga koyamba, kali phee, osadya, osapempha madzi. Zaka makumi awiri ndi zinayi. Ngakhale galimoto yabwino bwanji, mukaiimika zaka ziwiri zokha siliza. Nanga aka kanaliza bwanji?

Nditabwerera kuntchito ndinapeza nkhani yanditsogolera. Tili ndi mnzathu wowongola mabodi a magalimoto amene timamutcha Pulofesa, chifukwa chilichonse amati anawerenga pafoni. Anandikokera pambali nati, "Amwene, mashingozi pamsinkhu wanuwu? Osalimba mutu, kayezetseni." Nditamuuza kuti ndinayezetsa kale, anasintha giya. Anati, "Ndiye kuti ndi makatemerawa. Chiyambireni kubaya ana katemera wa katsabola, mashingozi akugwira achinyamata. Katemerayo ndi kachilombo komweko, amangokalowetsa ndi jakisoni." Ndinamuuza kuti ine katemera ameneyo sindinalandirepo. Anangokweza mapewa n'kubwerera pafoni pake. Koma ndinaona kuti kapu imene timamwera madzi tonse pampopi aiika patali, ndipo ine andisungira kabotolo kangakanga.

Matuza anauma, nkhanambo zinayamba kugwa, ndipo ndinali nditayamba kukonza zokatenga banja langa. Patatha pafupifupi milungu iwiri chichokereni, mkazi wanga anaimba foni. Anati Kaphokoso watentha thupi, watuluka timatuza pamimba, pamsana mpaka m'mutu. Amayi anga anapita kukamuona, ndipo pobwera anati, "Ndi katsabola yemwe uja. Ndangomuona ndamuzindikira ngati munthu amene ndinasiyana naye dzulo."

Aphungu, ndiye kuti katsabola wa m'nyumba yogwetsedwa ija wadutsa pamsana panga n'kukafika kwa mwana wanga. Ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsemwe. Komanso alamu anga ali ndi ana awiri amene amagona chipinda chimodzi ndi Kaphokoso, kudyera mbale imodzi, kulimbirana chidole chimodzi. Iwowo anawabayitsa katemera wa katsabola ali aang'ono, ndipo mpaka lero akungothamanga, alibe ngakhale kachiphuphu.

Tsopano mafunso anga ndi awa. Mkazi wanga ndi amene akusamalira mwanayo, amamugoneka pachifuwa, pamwamba penipeni pa mimbayo. Kodi amene ali m'mimbayo ali pangozi? Tsiku la sikelo ndi kumapeto a mwezi, tidikire? Kodi mwana wanga ndamupatsa chinthu chimene chidzamudzukire nayenso akadzakula? Nanga wobwerayu tidzamubayitse katemera, kapena Pulofesa akunena zoona? Ndipo ineyo kandisiya, kapena kangobwerera kukagona?

Pali china chimene ndikuchita nacho manyazi. Mantha ndili nawo, koma kudabwa kukuposa mantha. Ndinayesa kumufotokozera mkazi wanga pafoni za mzere uja ndi za zaka zonsezi. Anandidula nati, "Abambo, mwana akudwala kuno, inu muli pompo kuyamikira kachilombo?" Kodi mutu wanga uli bwino?

Nambala yanga ndailemba pansipa ngati mungaifune.

L.G.N., wopenta magalimoto

* * *

Bambo L.G.N.,

Kalata yanu sindinailole kudikira tsiku losindikiza. Monga mukudziwa, ndinakuimbirani nditangoiwerenga, ndipo mwandilola kuti ndiuze awerengi zimene zinatsatira. Ndiyambe ndi zimene ndinakuuzani pafoni paja, chifukwa ndi zimene sizidikira. Mayi woyembekezera amene sakudziwa ngati anadwalapo katsabola, akakhala pafupi ndi wodwala katsabola kapena mashingozi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire tsiku la sikelo. Katsabola amavuta kwambiri kwa munthu wamkulu, makamaka woyembekezera: akhoza kulowa m'mapapo, ndipo nthawi zina amakhudza ndi mwana yemwe. Chithandizo choteteza chilipo, koma chili ndi nthawi yake. Apa nonse awiri munazengereza, ndipo mwayi ndi umene unakuyenderani.

Akazi anu anapita m'mawa mwake, anawatenga magazi, ndipo zotsatira zinasonyeza kuti thupi lawo limamudziwa kale katsabola. Zidzolo zimene azakhali aja sankazikumbuka bwino, magazi anazikumbuka. Munandiuza kuti atamva zimenezi anafunsa namwino kuti, "Ndiye kuti nanenso kali kumsana kwangaku?" Inde mayi, kali komweko. Koma chitetezo chimene thupi lanu linapanga muli kamtsikana ndi chimene chakutchingani lero mukugoneka wodwala pachifuwa. Ndipo m'miyezi yomalizayi, china mwa chitetezo chimenecho chizidutsa kupita kwa mwana ali m'mimbayo, kuti adzabadwe ali nacho ngati kamba wa paulendo m'miyezi yake yoyamba. Bambo, ngati mumafuna china choti mudabwe nacho, n'chimenecho.

Tsono za mzere wanu uja. Mitsempha imene imatipangitsa kumva kukhudza, kutentha ndi ululu imatuluka kumsana iwiriiwiri, wina kumanzere wina kumanja, ndipo uliwonse uli ndi kachigawo kake ka khungu kokhala ngati lamba. Wakumanzere umalekeza pakati pa chifuwa, sulowa m'munda wa mnzake. Kachilomboka kamagona m'timfundo ta patsinde pa mitsemphayi. Kakadzuka kamayenda motsata mtsempha umodzi mpaka kukatulukira pakhungu. N'chifukwa chake ululu umayamba khungu lisanasinthe, ndipo n'chifukwa chake matuza anaima pamene anaimapo. Mzerewo munabadwa nawo, matendawa angouonetsa.

Chimene chimakagoneka zaka zonsezo ndi chitetezo cha m'thupi. Chitetezocho chikatsika, kaya ndi ukalamba, matenda ena, HIV, khansa, mankhwala ena amphamvu, kutopa kosapuma kapena nkhawa zokhalitsa, kachilomboka kamapeza mpata. Nthawi zina chifukwa sichipezeka n'komwe. Akuti mwa anthu atatu alionse, mmodzi amadzadwala mashingozi pamoyo wake. Ambiri ndi achikulire, koma achinyamata athanzi nawonso amadwala, si zachilendo. Munachita bwino kuyezetsa, ndipo wachinyamata aliyense wodwala mashingozi achite chimodzimodzi. Dokotala akati mudzabwerezenso, mudzabwereze. Ndipo zotsatira zikanakhala zina, sichikanakhala chifukwa chokubisirani kapu. Auzeni anzanuwo kuti mashingozi sayenda ndi kapu. Kachilomboka kamakhala m'madzi a m'matuza, ndipo matuza akauma n'kuchita nkhanambo, kupatsirana kwatha. Komanso amene watengera kwa inu sadwala mashingozi, amadwala katsabola, ndipo izi zimachitika kwa yekhayo amene sanadwalepo kapena kulandira katemera. N'zimene zamuchitikira Kaphokoso.

Mwafunsa ngati mwamupatsa chinthu chodzamudzukira. Sindikunamizani: inde, kachilomboka tsopano ali nako ndipo adzakhala nako. Koma musadzipachike pamtanda. Simunadziwe, ndipo mwana wosalandira katemera akanamupezabe katsabolayu kwina, kaya kusukulu ya mkaka kaya kwa anansi. Ambiri amene ali nako amakalamba osadwala mashingozi. Chimene mungachite n'kudzamuuza akadzakula kuti anadwalapo, makamaka popeza ndi mtsikana ndipo tsiku lina namwino adzamufunsa.

Pakadali pano mudulireni zikhadabo, muzimusambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, muzimupatsa zakumwa pafupipafupi. Thupi likatentha mupatseni panado pamlingo wa msinkhu wake. Asipirini musamupatse ngakhale pang'ono, ndi woopsa kwa mwana wa katsabola, ndipo mankhwala ena alionse a ululu funsani kaye achipatala. Akayamba kubanika, kugona mopitirira, kuuma khosi, kukana kumwa, kapena zilonda zikafiira, kutupa ndi kuchita mafinya, thamangani naye. Katsabola amayenda ndi mpweya, sali ngati mashingozi anu aja, choncho asapite kusukulu kapena kukasewera kwa anansi mpaka matuza onse atauma. Ana a alamu anu aziyang'aniridwabe. Katemera amateteza kwambiri, koma wina akhoza kutulukabe timatuza tochepa.

Tibwere kwa Pulofesa. Wagwira mchira wa choonadi n'kusiya mutu. N'zoona kuti katemera wa katsabola amapangidwa ndi kachilombo komweko, koma kofooketsedwa kwambiri. N'zoonanso kuti nako kakhoza kugona m'mitsempha, ndipo mwa apo ndi apo kamadzuka. Koma kumene anatsatira ana ambirimbiri kwa zaka, anapeza kuti olandira katemera amadwala mashingozi mocheperapo kwambiri poyerekeza ndi amene anadwala katsabola weniweni. Palinso maganizo akuti ana akasiya kudwala katsabola, akuluakulu sakumananso ndi kachilomboka kuti chitetezo chawo chizikumbutsidwa. Akatswiri akambirana zimenezi kwa nthawi yaitali ndipo sanamalize, koma anaona kuti m'madera ambiri mashingozi anayamba kuchuluka katemerayu asanafike. Inuyo mwini simunalandire, ndipo mwadwala.

Choncho wobwerayo mudzamufunsire katemerayu. Amaperekedwa mwana akakwanitsa chaka, ndipo kawirikawiri amabaya kawiri. Sapezeka m'zipatala zonse kapena m'maiko onse, ndiye yambani kufunsa msanga. Woyembekezera sabayidwa, chimodzimodzinso amene chitetezo chake ndi chotsika kwambiri. Palinso katemera wina wa mashingozi, koma ameneyo kawirikawiri ndi wa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo ndi amene chitetezo chawo n'chofooka. Inu si wanu pakadali pano, koma amayi anu akhoza kukafunsa.

Kwa inu, kachilomboka kabwerera kukagona. Ambiri amadwala kamodzi kokha, ngakhale kubwereza kumatheka. Muzidya, muzigona, ndipo Lamlungu lizikhala Lamlungu. Muzivala kamalaya kathonje mkati mwa ovololo kuti fumbi la penti lisafike pazipserapo. Ululu ukapitirira khungu litapola, bwererani kuchipatala, chifukwa ululu wa mtsempha uli ndi mankhwala akeake. Ndipo ndikudziwa za m'magaraja: musalole wina akupakeni mafuta a mabuleki, madzi a batire kapena mankhwala otsukira mano.

Chenjezo langa kwa inu ndi awerengi onse ndi ili. Mapiritsi a mashingozi amagwira bwino ntchito akayambidwa m'masiku atatu oyamba matuza atatuluka, ndiye musataye nthawi ndi kangaude. Matuza akatuluka pamphumi, pafupi ndi diso, pansonga ya mphuno kapena m'khutu, pitani tsiku lomwelo ngakhale kunja kukugwa mvula yotani. Anthu ataya maso chifukwa chodikira.

Pomaliza, mutu wanu uli bwinobwino. Ine ndawerenga makalata ochuluka, koma ndinaika yanuyi pansi n'kudzigwira m'nthiti. Munthu amene wasuzumira m'thupi mwake n'kuchita tsemwe sanalakwe kanthu. Koma taonani apa: matuza anu anauma, simungapatsirenso aliyense, ndipo Kaphokoso sangakubwezereni chimene muli nacho kale. Palibenso chifukwa choti mukhale nokha m'nyumbamo pomwe mayi wa miyezi isanu ndi umodzi akuchezera ndi mwana wodzikanda. Pitani mukamulandire mwanayo, beseni ndi thaulo zikhale zanu. Akazi anu akufunika tulo. Nkhani ya mitsemphayi mukawauze akadzuka.

Phungu wanu